Ku Zomba yambani pansi, phiri silithawa

Mwezi watha ndinakakamizidwa ulendo wa ku Zomba. Ndikuti kukakamizidwa chifukwa Loweruka limenelo ndinali ndi zanga, koma amalume ataimba foni n'kufunsa kuti, "Mphwanga, kagalimoto kako kaja kakuyendabe?" ndinadziwa kuti zangazo zathera pompo. Mdzukulu wawo wamkazi, mwana wa msuweni wanga, wapeza malo ku yunivesite, ku Chanco kuja, ndipo mkuluyu anati sangalole kuti mwana akatsike yekha pa depoti ndi chikwama ngati wopanda abale. Chifukwa chachiwiri sanachitchule, koma tonse tinkachidziwa. Amalume anagwira ntchito ya umesenjala m'maofesi a boma ku Zomba ali mnyamata, mpaka mu 1975 pamene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, iwonso n'kusamutsidwa limodzi ndi makabati a mafayilo. Chichokereni sanakhaleko ngakhale sabata yathunthu. Pano maso ayamba kuchita mdima, mayina a anthu ayamba kuwathawa, ndiye ankafuna akaone mzinda wawo zinthu zisanafike poipa.

Ine ku Zomba ndapitako kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse ndinkachita zomwe ambirife timachita. Kudutsa m'tauni osaima, kukwera phiri, kudzijambula pa damu, kugula masitiroberi, kuika zithunzi pa WhatsApp, basi kubwerera. Mukanandifunsa kuti mwaona chiyani ku Zomba ndikanakuonetsani nkhope yanga yomwe, kumbuyo kuli mitengo ya paini. Ulendo uno mwini ulendo anali wina, ndipo anayamba kundiimitsa tisanalowe n'komwe m'tauni.

Kuchokera ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita osakwana 70, kudzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe. Mukamayandikira tauni pali nsanja yaitali ya njerwa zofiira yomwe aliyense amaiona koma ndi ochepa amatsika kukaiyandikira. Ine ndinali ndisanatsikepo chibadwire. "Ima apa," anatero amalume, ndipo anavula chipewa galimoto isanazime. Chimenechi ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918. Chapafupi pomwepo pali Cobbe Barracks, kumene kuli asilikali mpaka lero. Dzinalo ndi la Alexander Cobbe, mzungu yemwe ankatsogolera asilikali ochokera kuno pa nkhondo ya ku Somaliland mu 1902.

Mdzukulu uja anali atatulutsa kale foni. Agogo akewo anamuleka ajambule, kenaka anamufunsa ngati kusukulu anamuphunzitsa za amtengatenga. Anati dzinalo analimvapo. Apa ndi pomwe nkhani ya nsanjayi imawawa. Asilikali onyamula mfuti anali ochepa poyerekeza ndi amuna omwe anagwidwa m'midzi kuti azisenza katundu wa nkhondo pamutu, chakudya, zipolopolo, mahema, kupita nazo kumpoto ndi ku Tanganyika wapansi. Olemba mbiri amati anthu a m'dziko muno omwe anagwira ntchito imeneyi anali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndi nkhondo yomweyi imene John Chilembwe anailembera kalata yodandaula kumapeto kwa 1914, kufunsa chomwe munthu wakuda akufera pa mkangano wa eni ake, asanaukire boma mu Januwale 1915. Pa mayeso ndinkaloweza zimenezi ngati nyimbo. Nditaima pansi pa nsanjayo ndi munthu wovula chipewa, ndinayamba kuganiza kuti m'mudzi mwathu momwe muyenera kuti munachoka amuna omwe sanabwerere, ndipo palibe amene amawatchulanso.

Chenjezo laling'ono pano. Nsanjayo jambulani, koma foni isaloze ku mpanda wa asilikali, ku ndende kapena ku nyumba ya boma ya pulezidenti. Zomba ndi tauni ya mayunifomu: asilikali, apolisi omwe ali ndi sukulu yawo komweko, oyang'anira ndende. Simufuna kuthera tsiku lanu mukufotokoza kuti munkangofuna chithunzi chabwino.

Zomba yakale ili m'munsi mwenimweni mwa phiri, kumtunda kwa msewu waukulu, ndipo siyifuna galimoto. Siyani galimoto, yendani wapansi. Misewu yake ndi yokhotakhota, mitengo ndi ikuluikulu, nyumba ndi za makonde otakata ndi malata akale, zina zosamalidwa, zina zoti mukaziona mumagwira pakamwa. Amalume ankayenda patsogolo ndi ndodo yawo ngati abwerera zaka makumi asanu m'mbuyo. Apa ndinkabweretsa makalata. Apa panali bwana wina wosalola munthu kulowa ndi nsapato zamatope. Apa ndinagwa ndi njinga ya boma, mafayilo n'kumwazika mpaka mu ngalande. Mayina a adzukulu awo ena amawasokoneza, koma khomo lililonse la kuno ankalidziwa.

Nyumba yoyenera kuyambira ndi ya Masongola, yomwe pano ndi hotela. Inamangidwa mu 1886 ndi John Buchanan kuti izikhala kazembe wa Britain, ndipo dzinalo linachokera ku tinsanja take tosongoka pamwamba. Harry Johnston atabwera mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda anakhala m'nyumba imeneyi, ndipo kuyambira pamenepo Zomba inakhala likulu kwa zaka 84. Mwa zina, anakonda malowa chifukwa cha madzi ndi kamphepo kozizira, komanso ankafuna kutalikirana ndi amishoni ndi azungu amalonda a ku Blantyre omwe sankagwirizana nawo. Ndiye kuti tauni yonseyi, ndi maofesi ake onse, inayambira pa khonde limodzi limeneli. Gulani chakumwa, khalani pansi pang'ono, muyang'ane makulidwe a zipupa.

Kutsika pang'ono mufika ku munda wa zomera, Botanic Gardens, umene unayambitsidwa ndi Alexander Whyte m'masiku a Johnston omwewo. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo, pa miyala, pansi pa timilatho ting'onoting'ono. Polowa mumalipira kandalama kochepa. Ngati muli ndi chibwenzi ndipo m'thumba muli mphepo, malo ake ndi amenewa, ndipo ophunzira a ku Chanco anazitulukira kalekale. Mdzukulu uja anayang'ana mabenchi ali pamthunzi, agogo akewo anayang'ana iyeyo, ine ndinayang'ana kumwamba. Samalani ndi apusi mukanyamula nthochi.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa Nyumba ya Malamulo yakale. Ambiri a inu munabadwa aphungu atachoka kale, chifukwa ngakhale likulu linasamuka mu 1975, iwo anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994. Ndi nyumba yaing'ono modabwitsa. Mukaiyerekeza ndi ya ku Lilongwe ija mukhoza kuidutsa osadziwa. Koma zambiri zomwe zinaumba dziko lino zinalankhulidwa m'tauni muno. Mu 1956 anyamata awiri, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, analowa m'bwalo la malamulo la atsamunda n'kuyamba kuwapanikiza azungu ndi mafunso okana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, moti anthu ankalimbirana mabuku osindikizidwa a zokambirana za m'bwalomo. Onsewa anali asanakwanitse zaka 30. Ndinamuuza mdzukuluyo zimenezi kuti amve kuti sanali madala a imvi ngati momwe timawaganizira.

Ndiye panadza Seputembala 1964, patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye. Dr Kamuzu Banda anasemphana ndi nduna zake, anachotsa Orton Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ena monga Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere n'kutula pansi maudindo. Pa 8 ndi 9 mwezi womwewo aphungu anakambirana nkhaniyi m'nyumba yaing'onoyi, ndipo Kamuzu anatuluka wopambana. Ambiri mwa otsutsawo anathawira kunja. Orton Chirwa anadzafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, mtunda woyenda wapansi kuchokera pomwe ankalankhula ngati nduna. Rose Chibambo, amene nkhope yake mumaigwira tsiku ndi tsiku pa K200, anali atalawa kale ndende ya ku Zomba mu 1959 m'manja mwa atsamunda, ali ndi khanda kumanja.

Amalume anakhala chete nthawi yaitali pamenepo. Kenaka analoza ndi ndodo chakum'mawa n'kunena motsitsa mawu, "Uko ndiye ku Mikuyu." Mdzukulu anaseka. "Agogo, mukunong'oneranji? Palibe akutimva." Iwo anangoti, "Chizolowezi, mwana wanga."

Chizolowezi chimenecho chili ndi pochokera. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba konkuno, anagonekedwa ku Mikuyu, ndipo mitembo yawo inakapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma la nthawiyo linati inali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti anachita kuphedwa. Patapita zaka zinayi chichitikireni za ku Mwanzazo, pa 25 Seputembala 1987, apolisi anakamutenga Jack Mapanje ku Gymkhana Club, kalabu yakale ija ili pafupi ndi bwalo la gofu. Anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, wolemba buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods. Anakhala ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Ndipo mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, anali ophunzira a pa koleji yomweyi amene anatuluka kukayenda mumsewu kugwirizana nayo, nthawi imene kuchita zimenezo kunali kuika moyo pachiswe.

Ndinaona nkhope ya mtsikanayo ikusintha pang'ono. Akubwera kudzakhala zaka zinayi m'tauni imeneyi, ndipo akanatha kuzimaliza zonse akudziwa njira ya ku Chikanda, ya ku msika ndi ya ku kalasi basi. Ndikudziwa chifukwa anzanga angapo anachita momwemo, anatuluka ndi digiri osadziwa kuti National Archives, kosungira makalata ndi zolemba zakale za dziko lino, ili pamphuno pawo. Sindikuti aliyense akhale katswiri wa mbiri, ayi. Koma zimandikhumudwitsa kuti pa malo ambiri mwa amenewa simupeza chikwangwani chokuuzani zomwe zinachitikapo. Mukapanda kubwera ndi munthu ngati amalume, mungoona nyumba zakale zofuna penti. Ndipo anthu ngati amalume akutha.

Za ndende ndisazisiye pa chisoni pokha. Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, ndipo mu 2013 wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, analoledwa kulowamo n'kujambula akaidi ndi owayang'anira akuimba. Chimbalecho, I Have No Everything Here cha Zomba Prison Project, chinasankhidwa kukapikisana pa mphoto za Grammy za 2016. Mphoto anatenga Angélique Kidjo, koma kanali koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo. Ngati bandulo ilipo, zisakeni pa intaneti muzimvere mukudutsa pa mpandapo. Ife tinatero m'galimoto, ndipo amalume omwe nyimbo za makono amati ndi phokoso anapempha kuti tibwereze imodzi.

Njala itatipeza tinatsikira ku msika, pafupi ndi depoti. Msika wa Zomba ndimaukonda kuposa wa ku Limbe chifukwa mumayenda osapondana kwambiri, ndipo zinthu zake zimakuuzani zomwe zazungulira tauniyi: mbatatesi ndi ndiwo zamasamba zochokera kumapiri, mpunga wa ku madambo a ku Chilwa, matemba, makumba ndi milamba yowamba. Tinadya nsima ya matemba othira tomato m'kalesitilanti kena kopanda dzina looneka, ndipo ndi chakudya chomwe ndachikumbukira kwambiri pa ulendo wonsewo. Kogona ndiye tinalakwitsa. Ndinasungitsa zipinda pafoni nditaona zithunzi zokongola, tikafika madzi otentha omwe analonjeza anali mu ketulo imodzi ya anthu atatu. Langizo langa: nthawi yotsegulira sukulu kapena ya mwambo wa omaliza maphunziro malo ogona amadzaza, ndiye sungitsani msanga, koma funsani mafunso, ndipo ngati n'kotheka tumani munthu akaone ndi maso.

M'mawa mwake ndiye tinakwera phiri. Musandimve molakwa, phirilo ndi lokongola ndipo muyenera kukwera. Nsonga yake yaitali, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Msewu wa tala umakhota mpaka ku hotela ya Ku Chawe, ndipo amphamvu zawo amakwera wapansi kudzera kanjira kotchedwa Potato Path, komwe alimi ankatsitsira mbatatesi. Nyamulani juzi ngakhale kunsi kukutentha, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Nkhungu ikhoza kutsika nthawi iliyonse n'kukubisirani chilichonse, ndiye pitani m'mawa. Ndipo tengani mmodzi mwa anyamata operekeza alendo omwe amakhala chapafupi ndi hotelayo. Gwirizanani mtengo musananyamuke. Tinjira ta m'nkhalangomo timafanana, netiweki imabwera n'kuchoka, ndipo mapu a pafoni sadziwa kuti mlatho uti unathyoka.

Malo otchuka ndi damu la Mulunguzi, mathithi a Williams ndi a Mandala, ndi poonera patali pawiri: Queen's View, potchedwa dzinali chifukwa cha mayi a Mfumukazi Elizabeth omwe anafikapo mu 1957, ndi Emperor's View, pomwe anaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Ma Rasta amapalemekeza kwambiri pamenepa. Kukakhala kowala mumaona tauni yonse pansi panu ngati yojambula, nyanja ya Chilwa ikunyezimira, ndi phiri la Mulanje kutali. Misewu yopita kumeneko ndi yafumbi ndi miyala, kagalimoto kanga kanalira mpaka ndinakamvera chisoni, ndiye ngati yanu ndi yotsika ngati yangayi, isiyeni muyende. Ku dzenje la Chingwe sitinafike chifukwa cha miyendo ya amalume. Ndi kutali, mbali yoyang'ana ku Shire, ndipo operekeza alendo adzakuuzani nthano zoti kale ankaponyamo anthu. Wina adzati adani a mafumu, wina adzati akhate. Mverani onse, nthanozo n'zokoma.

Za masitiroberi, inde gulani, pamodzi ndi mabulosi ndi magalagadeya. Koma pendeketsani kambaleko muone zapansi. Ine ndinagula mothamanga, pamwamba zofiira bwino, pansi zoti ngakhale pusi akanakana.

Chomwe chinawakhumudwitsa amalume pamwambapo si msewu. Anayang'ana mapiri ometedwa mbali zina, zitsa zakuda ndi moto, n'kufunsa mnyamata wotiperekeza kuti nkhalango ija inapita kuti. Iye anangoloza amuna omwe ankatsika ndi njinga zosanja nkhuni mulu wotalika kuposa iwo eni, ndi amayi osenza mitolo yoti ine sindingainyamule n'komwe. Paini wina amadulidwa mwalamulo chifukwa anadzalidwira matabwa, koma wina amapita usiku, ndipo moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza mbande zisanakule. Sindingamunyoze mayi wosenza nkhuni, tonsefe m'tauni timaphikira makala magetsi akazima. Koma madzi omwe mtsikana wathuyu azimwa ku hositelo akuchokera m'damu lomwelo, ndipo mitsinje yotsika m'phirili, monga Mulunguzi ndi Domasi, ndi imene imathandiza kudzaza Chilwa. Nyanja imeneyi ilibe potulukira madzi ndipo ndi yosaya, inaphwerapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagonanso pamatope. Matemba aja tinadya dzulo lake ndi mitengo iyi ndi nkhani imodzi. Ngati muli ndi tsiku lachitatu, pitani ku doko la Kachulu mukakwere bwato la ku chilumba cha Chisi. Ife tsikulo tinalibe.

Madzulo tinakamusiya mtsikanayo. Chancellor College inasamukira ku Zomba kuchokera ku Blantyre mu 1973, amalume akadali komweko, ndipo amakumbukira malowo njerwa zikadali zatsopano. Pano dzina lake ndi University of Malawi, ngakhale aliyense akungoti Chanco. Titatsitsa chikwama, ndowa ndi thumba la ufa lomwe amayi ake anaumirira, anandikokera pambali.

"Ankolo, mawu a agogo aja ndawajambula pafoni. Kuyambira pa nsanja paja."

"Onse?"

"Mpaka batire linatha pa Nyumba ya Malamulo. Mudzabwere nawonso, sanamalize za njinga ija."

Pobwerera amalume anagona tisanafike pa Thondwe, chipewa chili pamaondo. Anadzidzimuka pa Namadzi n'kundifunsa ngati tadutsa kale pa nsanja. Ndinati inde, kalekale. Anati ndikanawadzutsa.